Macheke apaulendo akale kapena khadi la ku banki? Bambo akupita ku Scotland

Nachisale_A25

Moni nonse. Bambo anga akupita ku Glasgow mwezi wamawa kukaona achemwali anga, akakhalako masabata atatu. Adzera ku Addis Ababa, atsikira ku Heathrow, agona usiku umodzi mu London kenako akwera sitima. M'chikwama chawo chakale tapezamo macheke apaulendo a American Express, ma traveller's cheque aja, asanu ndi atatu a $100 chilichonse, otsala pa ulendo wa kuntchito wa mu 2007. Mulinso mapaundi apepala ochepa a nthawi yomweyo. Iwo akuti macheke ndiye odalirika, mpaka akufuna tikagule ena. Khadi ali nalo, la Visa debit la banki ya kuno, koma sanaligwiritsepo ntchito kunja. Kodi macheke amenewa akadali ndi moyo? Akawasinthira kuti? Nanga khadi la kunoli silikawagwiritsa fuwa la moto?

Mdala_wa_Forex

Achemwali, poyamba auzeni bambo kuti ndalama zawo sizinafe. Macheke a American Express alibe tsiku lotha ntchito, ndiye $800 ija ikadali $800. Chomwe chinafa ndi msika wake. Kampaniyi, yomwe inayamba macheke amenewa mu 1891, inasiya kugulitsa atsopano, choncho nkhani yogula ena ithere pompa. Ndipo poti palibe akugulitsa, masitolo, mahotela ndi ma bureau ambiri anasiya kuwalandira. Mnyamata wa pa kauntala wa zaka 22 ku Glasgow mwina sanachionepo cheke chotere chibadwire. Mabanki a ku Britain amene amalandirabe kawirikawiri amachitira anthu okhawo omwe ali ndi akaunti kwa iwo, ndipo ndalama zimalowa mu akaunti, sapereka pamanja. Mlendo wa masabata atatu alibe akaunti kumeneko.

Palinso vuto lachiwiri. Macheke anuwo ndi a madola, pamene ku Britain amadya mapaundi. Ngakhale atapezeka wolandira, adula kawiri: komishoni yosinthira chekecho, kenako reti ya dola kupita ku paundi, yomwe pa macheke imakhala yoipa kuposa ya ndalama zapepala. Pa bwalo la ndege ndiye imanyanya.

Njira yabwino ndi yowombola machekewo kwa eniake, American Express. Ali ndi tsamba la pa intaneti la ntchito imeneyi komanso manambala a foni a dipatimenti ya macheke. Amafunsa manambala a cheke chilichonse, chithunzi cha chiphaso, ndi akaunti ya banki ya mwini macheke yoti ndalama zikalowe. Yambani ndi kuwaimbira musananyamuke, muwauze dziko lomwe bambo amakhala ndi komwe kuli akaunti yawo, akuuzani njira yoyenera. Ntchitoyi imatenga masiku kapena masabata, ndiye $800 imeneyi musaiwerengere ngati kamba wa ulendo uno.

Musanachite chilichonse, yalani machekewo pa tebulo muone izi. Cheke chilichonse chili ndi malo awiri osainira. Malo oyamba, chakumtunda, bambo anasaina tsiku lomwe ankagula. Malo achiwiri, chakumunsi, ayenera kukhala opanda kanthu. Pamenepa asasaine ali kunyumba. Chitetezo chonse cha cheke chapaulendo chagona pa mfundo yakuti siginecha yachiwiri imalembedwa wolandira akuona, n'kuifananiza ndi yoyamba ija. Cheke chosainidwa kawiri chikatayika chili ngati ndalama yomwe yagwa mumsika, kampani sibweza. Asaine pokhapokha wa pa kauntala kapena malangizo a kampani atawauza kutero.

Lembani manambala onse asanu ndi atatu papepala, jambulaninso ndi foni, ndipo musakesake lisiti logulira. Lisiti limenelo lisamakhale m'chikwama chimodzi ndi macheke. Anthu ambiri ankalakwitsa pomwepa: wakuba akatenga zonse pamodzi, mwini wake amasowa manambala oti atchule.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi macheke a Thomas Cook: musataye poganiza kuti anapita ndi kampani ya maulendo ija yomwe inagwa mu September 2019. Gawo la macheke linagulidwa ndi kampani yosintha ndalama ya Travelex kale mu 2001, ndiye khomo logogoda ndi limenelo.

Mai_a_Tadala

Za macheke a Mdala amaliza. Ine ndikambe za khadi, chifukwa mantha a bambo anuwo ali ndi pogwira. Khadi la Visa lokha lilibe vuto, ku Britain limalandiridwa pafupifupi paliponse. Chimene chimagwetsa anthu ndi mbali ya kuno, ndipo zambiri zimakonzedwa munthu asanakwere ndege.

Pitani ndi bambo ku nthambi ya banki yawo kukadali masabata awiri kapena atatu, mutanyamula pasipoti, visa ndi tikiti. Kukhala ndi makwacha ambiri mu akaunti sikutanthauza kuti khadi litulutsa mapaundi ofanana nawo. Bambo akagula chinthu ku Glasgow, banki ya kuno imayenera kulipira Visa mu ndalama zakunja, ndipo forex ikuvuta. N'chifukwa chake mabanki amaika malire pa ndalama zomwe khadi lingagwiritse ntchito kunja, ena amatsekeratu mpaka mwini wake atapempha. Malirewa amasintha, ndiye musadalire zomwe wina anakuuzani chaka chatha. Funsani mafunso awa ndipo mulembe mayankho ake: khadi ndi lotsegulidwa kugwira ntchito kunja? Malire ndi angati pa tsiku ndi pa mwezi, ndipo a pa ATM ndi osiyana ndi a m'sitolo? Nanga zogula pa intaneti, monga tikiti ya sitima, zili ndi malire akeake? Amadula zingati pa kutapa kulikonse, ndipo amawonjezera maperesenti angati pa reti? Muwauzenso masiku a ulendo ndi mayiko ake, Ethiopia ndi Britain. Makompyuta a banki akaona khadi lomwe moyo wake wonse lakhala likutapa ku Area 25 likugula tiyi ku Addis Ababa usiku, amaliyesa labedwa n'kulitseka.

Funsaninso ngati ali ndi khadi lolipiriratu la ndalama zakunja, lija mumagula madola kapena mapaundi lero n'kuwaika pa khadi. Ili ndiye mdzukulu weniweni wa macheke apaulendo: reti mwaigwiriratu, ndalama zili padera ndi akaunti yaikulu, likatayika mumalitseketsa. Ngati lilipo la mapaundi tengani limenelo, la madola lisinthidwanso kachiwiri kumeneko.

Nkhani ya reti si yamasewera. Pa khadi wamba la makwacha, ndalama zimasinthidwa pa reti ya tsiku lomwe malondawo amalizidwa pakati pa mabanki, lomwe likhoza kukhala masiku awiri kapena atatu bambo atagula. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse mwadzidzidzi. Choncho mu akaunti muzikhala zoposa zomwe mwawerengera, osati ndendende.

Kenako foni. Pogula pa intaneti banki imatumiza nambala yachinsinsi ya kamodzi pa SMS, ku nambala ya TNM kapena Airtel yomwe bambo analembetsa. Akachotsa SIM ya kuno n'kuika ya ku Britain, uthengawo sufika ndipo malonda amakanika. Tsegulitsani roaming asananyamuke, SIM ya kuno ikhalebe mu foni, data yake yokha muizimitse kuti isadye mayunitsi. Foni yolowa ma SIM awiri imathandiza pamenepa. Ngati banki imatha kutumiza nambalayo pa imelo kapena pa app, tsegulitsani zimenezonso.

Zing'onozing'ono koma zoluma: onani mwezi ndi chaka chotha ntchito pa khadi. Bambo akatape kamodzi pa ATM ya kuno sabata yonyamukira kuti mutsimikize kuti PIN akuikumbukira, chifukwa akalakwitsa katatu khadi limatsekeka, makina ena amalimeza, ndipo khadi la banki yakunja likamezedwa kawirikawiri sabweza, amaliononga. Tenganinso nambala ya foni ya banki yoyamba ndi +265. Tinambala tifupitifupi taulere tija timagwira ntchito muli m'dziko muno mokha.

Forex yapamanja mukagula ku banki kapena ku bureau yovomerezeka, sungani malisiti ake pamodzi ndi pasipoti. Pa bwalo la ndege la Kamuzu akhoza kufunsa komwe munaitenga.

Kondwani_G42

Ndionjezere za kuno ku Britain. Kunena zoona, munthu akhoza kutha masabata atatu osagwira ndalama yapepala. Malo ena, makamaka ogulitsa khofi ndi zakudya, analemba pakhomo kuti amalandira khadi lokha. Mabasi a mu London anasiya kulandira ndalama zapamanja mu July 2014: pamafunika khadi logunditsa, lija lili ndi chizindikiro cha timizere topindika, kapena khadi la Oyster lomwe mumagula pa siteshoni n'kuikamo ndalama. Kwa bambo, Oyster ndi yabwino pa tsiku limodzi limenelo, chifukwa sidalira banki ya ku Malawi kuti ivomere. Ku Glasgow mabasi a kampani ya First amalandira khadi ndi ndalama zomwe, koma dalaivala sapereka chenji, ndiye pamafunika makobidi okwanira ndendende.

Tikiti ya sitima ya London Euston kupita ku Glasgow Central achemwali anu aigulire pa intaneti ndi khadi lawo kukadali nthawi. Matikiti ogulidwiratu otchedwa Advance amatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ogula tsiku lomwelo, kungoti amagwira pa sitima ya nthawi yolembedwayo basi, ndiye musasankhe yoyandikana kwambiri ndi nthawi yotsika ndege. Kwa bambo zili bwino poti agona kaye.

Tsopano msampha waukulu, womwe umadya ndalama zambiri kuposa komishoni ya macheke ija. Pa ATM kapena pa kamakina ka m'sitolo, khadi lakunja likalowa, nthawi zina pamabwera funso: mulipira mu mapaundi kapena mu ndalama ya khadi lanu? Pa khadi la madola amaonetsa mtengo mu madola, ndi mawu okoma akuti reti ndi yotsimikizika. Dzina lake ndi dynamic currency conversion. Mukavomera, amene akusintha ndalamayo ndi mwini makinawo, pa reti yake, m'malo mwa Visa. Phindu lomwe waikapo limalembedwa pa sikirini pomwepo m'tizilembo tating'ono. Tinene kuti palembedwa 7 peresenti ndipo bambo akutapa £200: ataya £14 pa kudina batani limodzi, ndipo banki yawo idulanso zake pamwamba. Yankho ndi limodzi nthawi zonse: GBP, kutanthauza mapaundi, kapena batani lolembedwa without conversion. Makina ena amafunsa kawiri ngati akukuopsezani, kanani kawiri konse. Alembereni bambo pa kapepala, akaike pamodzi ndi khadi. M'sitolo kapena ku hotela ayang'ane sikirini asanalembe PIN, chifukwa ogwira ntchito ena amasankhiratu okha.

Pa ATM asankhe omwe ali pa khoma la banki kapena mkati mwake, masana, banki ili yotsegula. Ambiri a amenewa sadula kanthu kumbali yawo. Omwe ali m'timasitolo ndi m'mabala amadula pafupifupi £2 pa kutapa, ndipo amachenjeza pa sikirini musanavomere. Poti banki ya kwathu imadula ndalama yokhazikika pa kutapa kulikonse, kutapa £200 kamodzi kumaposa kutapa £40 kasanu. Makina ambiri sapereka zoposa £250 mpaka £500 pa nthawi imodzi, koma malire a banki ya ku Malawi ndiwo angayambe kukugwirani.

Mapaundi apepala a mu 2007 aja sagwiranso ntchito m'sitolo. A £5 apepala anachotsedwa mu 2017, a £10 mu 2018, a £20 ndi £50 pa 30 September 2022. Pano onse ndi apulasitiki. Komabe Bank of England imasintha akale aja nthawi ina iliyonse, pa ofesi yake ku Threadneedle Street mu London kapena kudzera pa positi. Nthambi zina za Post Office zimasintha mpaka £300 munthu akaonetsa chiphaso, ndipo mabanki ambiri amalola makasitomala awo kuwaika mu akaunti. Chophweka n'kuwapatsa achemwali anu akaike ku banki yawo.

China chomwe a ku Scotland okha amachidziwa: ma ATM a kuno amatulutsa ndalama za Bank of Scotland, Royal Bank of Scotland ndi Clydesdale Bank. Ndi mapaundi enieni, koma ku England masitolo ena amachita nazo nkhope, ndipo kunja kwa Britain ma bureau ambiri amazikana kapena amagula motsika. Pobwerera bambo asatenge zimenezi kupita nazo ku Lilongwe. Azidye kuno, kapena asinthane ndi achemwali anu atenge za Bank of England.

Mdala_wa_Forex

A Kondwani anena bwino, koma tisawaseke bambowa ngati otsalira. Macheke anali ndi zinthu zitatu zomwe khadi limodzi lilibe. Sankafuna netiweki kapena magetsi. Ankagawika, ena m'thumba ena m'sutikesi. Ndipo akabedwa, kampani inkabweza mwachangu, nthawi zambiri mkati mwa maola 24, munthu ali konko. Khadi la banki ya ku Malawi likatayika ku Glasgow, latsopano likupangidwa ku Malawi, bambo akalitenga atabwerera. Ndiye zinthu zitatuzo muzipange nokha: makhadi awiri, ndi bwino akhale a mabanki osiyana kapena lina Visa lina Mastercard, osungidwa malo osiyana, kuphatikiza mapaundi apamanja okwanira masiku awiri kapena atatu, tinene £150 mpaka £200 mu ma £10 ndi £20. Ma £50 masitolo ang'onoang'ono amawakayikira. Onjezani madola ochepa a pa Addis Ababa, atsopano, osang'ambika, osalembedwa.

Hotela ya usiku umodzi ija isamaleni. Polowa, mahotela ambiri amagwira ndalama pa khadi ngati chikole, mtengo wa chipinda kuphatikiza zina zoonjezera. Pa khadi la ngongole sizimveka kuwawa. Pa debit ndalamazo zimachoka pa zomwe bambo angagwiritse ntchito, zimadyanso malire aja a forex, ndipo zimatha sabata imodzi, nthawi zina mpaka mwezi, zisanamasulidwe, ngakhale hotela itanena kuti kwawo yamasula. Choipa china, akalipira bilu yeniyeni potuluka, kwa masiku angapo zimaoneka ngati adulidwa kawiri. Njira yozemba: achemwali alipiriretu chipinda chonse ndi khadi lawo, aimbe foni ku hotela kutsimikiza kuti wofika ndi munthu wina ndipo sadzamufunsa khadi lomwe linalipira.

Malisiti onse asunge mpaka atabwerera n'kuona sitetimenti. Pakapezeka ndalama yodulidwa kawiri, kapena ATM yomwe inadula osatulutsa kanthu, dandaulo limakaperekedwa ku banki yomwe inapereka khadi, osati kwa mwini makina. Malamulo a Visa pa milandu yambiri amapereka masiku 120, koma banki imafuna tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya makina, zomwe zili pa kalisiti kaja.

Pa malire a dziko, macheke apaulendo amawerengedwa ngati ndalama zapamanja. Ku Britain munthu amayenera kulengeza akanyamula £10,000 kapena kuposa, ndiye bambo ali kutali nazo.

Nachisale_A25

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Mafunso awiri otsala. Dzanja la bambo limanjenjemera masiku ano, siginecha yawo sikufanananso kwenikweni ndi ya 2007. Kodi achemwali angasaine m'malo mwawo n'kuika machekewo mu akaunti yawo ku Glasgow? Komanso achemwaliwo akuti angowapatsa bambo khadi lawo lina ndi PIN yake kuti aziyendera.

Mai_a_Tadala

Pa funso loyamba, ayi ndithu. Siginecha yachiwiri ndi ya munthu yemwe anasaina yoyamba, wina aliyense akalemba pamenepo chekecho chaonongeka ndipo nkhani imasanduka yachinyengo. Kusintha kwa dzanja chifukwa cha ukalamba si zachilendo kwa kampaniyi. Poimba foni muja nenani zimenezi poyambirira, ndipo mukonzeretu pasipoti yatsopano, lisiti logulira, komanso pasipoti yakale ya nthawi imeneyo ngati ilipo, chifukwa ili ndi siginecha yofanana ndi ya pa macheke. Bambo akhale pafupi poimbapo, adzafuna kulankhula ndi mwini wake.

Pa lachiwiri, mabanja ambiri amachita, koma achemwali adziwe chomwe akuika pachiswe. Mgwirizano wa banki iliyonse umaletsa kupatsa munthu wina khadi ndi PIN. Khadilo likabedwa m'manja mwa bambo ndipo wakuba n'kutapa, banki ikadziwa kuti PIN inaperekedwa kwa wina ikhoza kukana kubweza. Kutsegula akaunti ya pa foni ngati Monzo kapena Revolut sikutheka kwa mlendo, amafuna munthu wokhala m'dzikomo. Chosavuta n'chakuti achemwali alipire okha zikuluzikulu, sitima, hotela ndi zogula zodula, azitapira bambo £50 kapena £60 ya m'thumba pa sabata, ndipo khadi la ku Malawi ligwire ntchito pa mphatso ndi zina za iwo eni. Tsiku loyamba ku Glasgow apite limodzi ku sitolo, bambo agule kanthu kakang'ono polowetsa khadi m'makina ndi kulemba PIN, osati kugunditsa. Likadutsa pamenepo mwadziwa kuti banki inatseguladi. Likakana, imbani nambala ya +265 ija nthawi yomweyo, pokumbukira kuti Malawi ili patsogolo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndi maola awiri miyezi yotsalayo.